Basi Yaulere Ingakhalitse?

Wokondedwa mnzanga,

Kalata yako ndalandira, ndipo ndasangalala kumva kuti nonse muli bwino kumeneko. Ifenso tilipo. Nkhani ija wandilembera, yoti khonsolo ya mzinda wanu ikufuna kuti aliyense azikwera basi mwaulere, yakhala ikundizungulira m'mutu sabata yonseyi. Mtima wanga ukufuna zitatheka. Sindinaiwale masiku amene ndinkaima pa siteji n'kumawerenga timakobidi m'dzanja, kubwereza kawiri, n'kupeza kuti sitikukwana, kenako n'kuuyamba wapansi kupita kuntchito mvula ili pamsana. Amene anadutsamo sanganyoze basi yaulere.

Koma chikundivuta n'chakuti, chikafika chaka chakhumi, malipiro a dalaivala, mafuta ndi matayala adzachokera kuti?

Ku Hasselt, mzinda wa m'dziko la Belgium, anayamba kukwera basi mwaulere mu 1997. Okwera anachuluka kowirikiza, mbiri ya mzindawo n'kumveka kutali. Koma ndalama zinkatuluka m'thumba la khonsolo, mtengo woyendetsera mabasi ukukwera chaka ndi chaka, mpaka mu 2014 anthu akuluakulu anayambanso kulipira.

Ambiri amakonda kutchula Luxembourg, kumene kuyambira mu Marichi 2020 basi, sitima ndi tiramu (tisitima toyenda m'misewu ya mumzinda) n'zaulere m'dziko lonse. Amaiwala kuti matikiti kumeneko ankangobweretsa mayuro pafupifupi 41 miliyoni pachaka, osafika n'komwe gawo limodzi mwa magawo 10 a ndalama zoyendetsera. Boma linali litasenza kale pafupifupi mtolo wonse, linangowonjezerapo kankhuni kamodzi. Mzinda umene matikiti amalipira theka la zonse sungatengere zimenezo.

Amene anandigwira mtima ndi a ku Tallinn, ku Estonia. Kuyambira mu 2013 amakwera mwaulere okhawo amene analembetsa kuti amakhala mumzindamo. Poti gawo la msonkho wa pa malipiro a munthu limapita ku khonsolo ya kumene analembetsa, anthu masauzande atathamangira kukalembetsa, ndalama zinawatsatira. Ku Dunkirk, ku France, kumene anayamba mu 2018, amadalira kwambiri msonkho umene olemba anthu ntchito amapereka wa zamayendedwe. M'mizinda iwiriyi muli chitsime chodziwika, sadalira chifundo cha andale a nthawiyo.

China chimandipweteka. Ku Tallinn komweko, ambiri mwa okwera atsopano anali oyenda pansi kale, osati eni magalimoto. Mwini galimoto salisiya pakhomo chifukwa tikiti yachotsedwa. Amalisiya akadziwa kuti basi ifika pa mphindi 10 zilizonse. Ndipo ndalama zikachepa, choyamba kudulidwa amakhala maulendo a usiku ndi a kumathero a mzinda, kumene kumakhala osauka omwe timati tikuwathandiza aja.

Ndiye ukapita ku msonkhano wa khonsolowo, chonde ukaimirire n'kuwafunsa kuti ndalamazo zidzachokera pa msonkho uti, ndiponso ngati mabasi awonjezeredwe okwera akachuluka. Udzandilembere zimene akayankhe.

Undiperekere moni kwa alamu ndi ana onse.

Ndine mnzako wa nthawi zonse.