Za mtima wakowo, mwana wanga

Mwana wanga,

Chilankhulireni pafoni paja sindinagone bwino. Wati mtima wako watha milungu isanu ukugunda mosalongosoka, ndipo dokotala akufuna akupange ablation, kuwotcha kapena kuziziritsa timalo ta mumtima timene timasokoneza kagundidwe kake. Njira imeneyi ndinadutsamo ine, choncho undimvere.

Vutoli likapitirira masiku 7 osaleka amalitcha persistent atrial fibrillation, ndipo ndi lamakani kuposa lija lobwera n'kupita lokha. Usadabwe akadzati ubwerenso. Ine anandipanga kawiri, ndipo kachiwiriko ndi kamene kanagwira.

Amalowetsa kachubu kopyapyala mumtsempha wa mphechepeche n'kukakweza mpaka m'chipinda chapamwamba cha kumanzere kwa mtima. Mmenemo mumathira mitsempha inayi yochokera kumapapo. Mu 1998 Michel Haïssaguerre ndi anzake ku Bordeaux anaonetsa kuti timphamvu tamagetsi tosokoneza kagundidwe ka mtima nthawi zambiri timayambira m'mitsempha imeneyi. Ndiye amawotcha kapena kuziziritsa mozungulira pakamwa pa mitsemphayi, chipsera chikhale ngati mpanda. Chimene chinandisautsa ine sichinali mtima ayi, koma kugona chagada maola angapo osapinda mwendo, nesi akubwerabwera kudzasuzumira pabala.

Ndamva kuti amalume ako akuti opaleshoni ndiyo yeniyeni. Sakunama kwenikweni. Opaleshoni yotchedwa Cox maze, imene James Cox anaiyamba mu 1987 ku St. Louis, imagwira bwino pa mtundu wamakaniwu. Koma kawirikawiri amaichita pamene munthu akumutsegula kale pachifuwa chifukwa cha vuto lina, monga la valavu, kachitseko ka mumtima. Mavalavu ako wati ali bwino. Ndikanakhala iwe ndikanayamba ndi kachubu.

Tsono chimene ndakulemberatu ndi ichi. Ndimakudziwa iwe, ukangopezako bwino mapiritsi umawaponya mudilowa. Mankhwala oletsa magazi kuundana aja usawayerekeze n'komwe. Mtima ukamagunda chonchi, magazi amadikha m'kathumba kakang'ono ka chipinda chakumanzere chija, amaundana, ndipo kachibuma kakathothoka n'kupita kubongo ndiye sitiroko imeneyo. Ukatuluka udzamwabe miyezi yosachepera iwiri. Kupitirira apo dokotala amayang'ana zaka zako, BP ndi shuga, osati mmene ukudzimvera m'thupi.

Miyezi itatu yoyambirira mtima ungadumphedumphe ndithu. Ine ndinalira usiku wina, dzanja lili pachifuwa, ndikuti zonse zapita pachabe, osadziwa kuti mabala anali kupola. Koma ukadzatentha thupi kapena kumva ululu pomeza patatha milungu ingapo, usadikire kuti kuche. Njira ya chakudya imadutsa kuseri kwenikweni kwa chipinda chimene amawotchacho, ndipo nayonso ingavulale. Zimachitika mwa apo ndi apo, koma zimapha. Ukafika kuchipatala, mawu oyamba akhale akuti unapangidwa ablation.

Mowa uusiye, umawadzutsa matendawa. Mkonono umene mkazi wako amadandaula uja ukaunene kwa dokotala, chifukwa kubanika kutulo kumabweza vutoli.

Undiuze tsiku msanga. Ndibwera dzulo lake, ndipo chikwama potuluka ndidzanyamula ndine.

Ndine,
Mayi ako