Mawere akutha ndi chiwawu ku Thyolo

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule kuti pamene aliyense akukamba za chimanga ndi feteleza, mawere ndi mapira omwe amatipulumutsa m'chaka cha chilala akuwonongeka ndi matenda a fangasi popanda wolabadira. M'minda ya m'mapiri muno mvula ikachuluka, chiwawu chimagwira masamba, kenako pakhosi pa ngala, ngalayo n'kuuma isanakhwime, mlimi n'kukolola mphwepwa zokhazokha. Zochepa zopulumukazo zimachitanso chuku chiperoni chikazipeza zisanaumitsitse.

Choopsa n'chakuti matendawa amabisala m'mapesi ndi m'mbewu yomwe timasunga, motero chaka ndi chaka timawabzala tokha. Ndikupempha akatswiri a kumalo ofufuzira zaulimi ku Bvumbwe ndi alangizi athu atipezere mbewu yopirira, atiphunzitsenso kasinthasintha wotheka m'timinda tathuti, poti malo ambiri kuno adapita ku tiyi.

Mlimi wodandaula,
Thyolo