Ndikhale bwana wa amene anandiphunzitsa ntchito, kapena ndikaphunzire za matenda a nsomba?

Zikomo Azakhali,

Ndakhala ndikuwerenga tsamba lanu kwa zaka zingapo, ndipo ndikudziwa kuti ambiri amakulemberani za m'banja, za apongozi ndi za zibwenzi. Yanga ndi ya kuntchito, ngakhale kuti inalowa kale m'nyumba mwathu moti masiku ano ndiyo ndiwo ya nsima ya madzulo. Mundipirire, ndi yaitali.

Ndine mayi wa zaka 34, ndili pabanja ndipo ndili ndi ana awiri. Kwathu ndi ku Nkhotakota. Malemu bambo anga anali msodzi wa ukonde wa chilimira, ndipo ine ndinakula ndikuyanika usipa pathandala m'mawa ndisanathamangire kusukulu. Nditakhoza Fomu 4 ndinapita ku Mpwepwe ku Mangochi kukaphunzira za usodzi, kenako ndinalowa ntchito m'boma. Patapita zaka ndinapeza mwayi wokatenga digiri ya za nsomba ku Bunda. Panopa ndili pa ofesi ina ya m'mphepete mwa nyanja, imene sindiitchula.

Anthu akamva kuti ndimagwira ntchito ya nsomba amaganiza kuti ndimangolanda maukonde. Ayi ndithu. Ntchito yathu yeniyeni ndi yowerenga. Timalawirira padoko mabwato asanafike, tili ndi sikelo, bolodi yoyezera kutalika kwa nsomba, ndi mafomu. Timalemba mtundu wa nsomba, kaya ndi chambo, utaka, mcheni kapena kampango, kulemera kwake, ukonde umene waipha ndi kukula kwa maso a ukondewo. Nthawi zina timang'amba mimba kuti tione ngati mazira akhwima. Kamodzi pachaka timayenda madoko onse kuwerenga mabwato, asodzi ndi zida zawo. Manambala amenewa amapita kulikulu, ndipo akuluakulu akamakambirana za kutseka nyanja kwa a makoka kuyambira mu Novembala, nthawi imene chambo chimaswana ndi kusunga ana m'kamwa, amayang'ana pa zimene ife talemba. Mukhala mukuona chifukwa chake ndafotokoza zimenezi.

Mwezi wathawu ndinalandira makalata awiri m'sabata imodzi. Yoyamba ikuti ndakwezedwa, ndikhale woyang'anira anzanga asanu ndi mmodzi ochita kafukufuku wa nsomba pa ofesi yathu. Ndinali ndikugwirizira kale mpandowu kwa miyezi inayi. Yachiwiri ikuti yunivesite ina ya kunja yandipatsa malo ndi thandizo la fizi kuti ndikaphunzire zaka ziwiri za umoyo ndi matenda a nsomba. Abwana anga andiuza mosabisa kuti mpando sudikira munthu zaka ziwiri. Ndikapita, apatsa wina.

Za matenda a nsombazi zinandilowa mumtima mu 2020. Mwina mukukumbuka, chaka chimene tonse tinali ndi nkhawa ya korona, ku Mchinji nsomba za mumtsinje wa Bua zinayamba kupezeka ndi zilonda zofiira, zina zitadyeka mnofu mpaka fupa kuonekera. Boma linalengeza kuti ndi matenda otchedwa EUS ndipo linaletsa kugulitsa ndi kunyamula nsomba za m'deralo. Ine ndinatengedwa kukathandiza m'gulu lina limene linapitako. Azakhali, ndinaima m'mbali mwa mtsinje nditanyamula mlamba wamoyo, ukupumabe, uli ndi chilonda chachikulu ngati chikhatho cha mwana. Mayi wina amene amakhalira geni ya matemba anandifunsa kuti, “Adona, inu ophunzira, tiuzeni chimenechi n'chiyani, chitha liti?” Ndinali ndi digiri m'thumba, koma ndinangoti kukamwa yasa. Ngakhale kudula kachidutswa koti akayeze kulabu sindinkadziwa. Mnzathu wa za ziweto ndiye anandionetsa kuti satenga nsomba yofa kale, amatenga yamoyo kapena imene ikuthatha, n'kudula m'mphepete mwa chilonda pamodzi ndi mnofu wabwino, n'kuviika mu mankhwala oletsa kuola otchedwa fomalini.

Nditabwerako ndinayamba kuwerenga usiku pafoni, ana atagona. Ndinapeza kuti choyambitsa chake ndi kachilombo kokhala ngati nkhungu ya m'madzi kotchedwa Aphanomyces invadans, kamene kamalowa pakhungu n'kumaboola mnofu. Matendawa anaoneka koyamba ku Japan mu 1971, ndipo ku Africa kuno anatulukira cha m'ma 2006 mumitsinje ya Chobe ndi Zambezi. Amakula kwambiri madzi akazizira, ndiponso madzi akachita asidi mvula yamphamvu itagwa. Akalowa mumtsinje palibe mankhwala amene mungathire kuti athe. Padamu la mlimi ndiye munthu angayesepo: kuumitsa, kuthira laimu, kusabwereka ukonde wa mnzako, kusagula mbewu ya nsomba pena paliponse. Chimene chimandisowetsa tulo ndi chakuti Bua yemweyo amatsika kudutsa m'nkhalango ya Nkhotakota n'kukathira m'nyanja kwathu, ndipo mpasa umakwera mumtsinje womwewo kukaswana. Komanso pali kachilombo kena ka TiLV kamene kamapha nsomba za mtundu wa chambo ndi makumba, ndipo kanapezeka kale m'nyanja ya Victoria kwa anzathu a ku Tanzania ndi Uganda. Tikulimbikitsa alimi kukumba madamu, mbewu ikuyenda m'zigubu paminibasi kuchoka boma lina kupita lina, ndipo amene angatsegule nsomba n'kunena chayipha ndife ochepa kwambiri. Ine ndikufuna kukhala mmodzi wa ochepawo.

Mayi anga ndikawafotokozera zimenezi amangoseka. Amati, “Dokotala wa nsomba? Uzikaibaya jakisoni ili m'madzi? Bambo ako anafa osaonapo nsomba yodwala malungo.” Kwa iwo nkhani inatha kale. Mwana wawo wakhala bwana, ndipo anauza kale azimayi onse a kumvano. Amuna anga ndi aphunzitsi a kusekondale, munthu wofatsa, sanandiletse. Koma anatenga pepala n'kulemba: fizi ya mwana wamkulu amene akulowa Fomu 1 chaka chamawa, ngongole ya malata, mankhwala a BP a mayi anga, ndi nyumba imene yaima pa lintala. Anati kukwezedwaku ndi ndalama ya mwezi ndi mwezi imene tikuiona ndi maso, pamene sukuluyo palibe akudziwa ngati pobwerako padzakhale mpando wa zimene ndaphunzirazo. Anamaliza n'kuti mapanga awiri avumbwitsa. Sindinawatsutse, chifukwa ndikudziwa anzanga amene anapita kukaphunzira zinthu zozama, n'kubwera kudzakhala pa desiki yakale, pagiredi yakale, satifiketi ili m'sutikesi. Wamng'ono wanga ali ndi zaka zinayi. Ndikadzabwera adzakhala atayamba Sitandade 1 mayi wake kulibe.

Zonsezi ndikanatha kuziyeza ndekha. Chimene chandilembetsa kalatayi ndi china, chimene ngakhale amuna anga sindinawauze.

Mwa anthu asanu ndi mmodzi aja muli bambo ena achikulire amene atsala zaka zitatu kuti apume pantchito. Ndi amene anandilandira tsiku loyamba ndili kamtsikana kochokera ku Mpwepwe. Anandiphunzitsa kusiyanitsa mitundu ya chambo poyang'ana mutu ndi mano, anandiphunzitsa kulankhula ndi asodzi osawanyoza, ndi kulowa pamsonkhano wa komiti ya padoko kudzera kwa amfumu osati kungotulukira ndi fomu. Bambo anga atamwalira, anakwera njinga yamoto mpaka kumudzi kukakhala nafe pasiwa. Mpaka lero amanditchula kuti “mwananga”, ngakhale pamaso pa alendo, ndipo ine ndimati “bambo”. Alibe digiri. N'chifukwa chake mpandowu unawadumpha kawiri konse.

M'miyezi inayi imene ndakhala ndikugwirizira, malipoti onse amadutsa patebulo langa kuti ndisaine. Ndinaona kuti manambala awo a madoko awiri akutali ndi osalala mopitirira muyeso. Aliyense amene anaimapo padoko amadziwa kuti nsomba sizibwera mofanana. Mwera ukawomba mabwato sapita, mwezi ukawala usipa sulowa bwino kunyali. Koma pamafomu awo tsiku lililonse lili ndi nsomba, ngakhale sabata imene ndikukumbuka bwino kuti kunali mwera woti bwato silikanatuluka. Ndinayang'ana mafomu a chaka chatha, ndipo manambala ena angobwerezedwa, kusintha nambala yomaliza yokha. Kuntchito kwathu timati kuphika, kapena kulembera pansi pa mtengo wa mango.

Ndinawafunsa tili awiri, ndikunjenjemera ngati wolakwa ndine. Sanakane. Anati, “Mwananga, mafuta a njinga anabwera liti komaliza? Ukufuna ndiyende wapansi makilomita onsewo ndi bondo ili? Akufuna lipoti pa 5 mwezi uliwonse, ndiye ndimawapatsa. Nyanjayi ndimaidziwa kuposa fomu.” Za mafutazo sakunama. Ndipo mwina n'zoona kuti zongoganizira zawo zili pafupi ndi zenizeni kusiyana ndi zoyeza za mnyamata wongobwera kumene. Koma nambala yongoganizira singakuuze kuti chambo chachepa, chifukwa woganizirayo amalemba za nyanja imene anaidziwa kale. Umu ndi mmene anthu amadzidzimukira nsomba zitatha. Ku nyanja ya Malombe chambo chinagwa anthu akuona, mpaka mu 1993 boma linayamba kugwira ntchito ndi makomiti a m'madoko pofuna kupulumutsa zotsala, ndipo lero m'misika tikuona kasawala, ana a chambo, akugulitsidwa pamulu.

Lipoti la mwezi umenewo ndinasaina, Azakhali. Ndinadziuza kuti ndikungogwirizira, si udindo wanga weniweni. La mwezi wotsatira ndinasainanso. Tsopano kalata yabwera, ndipo ndikavomera, chowiringula chimenecho chatha. Ndiyenera kusankha kuwalembera kalata yowachenjeza, imene ingadetse fayilo yawo atatsala pang'ono kulandira penshoni, kapena kupitiriza kuika dzina langa pansi pa bodza. Ndinaganizapo zowachotsa kumadoko akutaliwo n'kuwapatsa apafupi, koma achinyamatawo adzafunsa chifukwa, ndipo awiri mwa iwo ndikukayika ngati sakuphikanso, poti anaphunzira kwa munthu yemweyo amene anandiphunzitsa ine. Wina mwa iwo tinali kalasi imodzi ku Bunda, ndipo chibwerereni kalatayi amandipatsa moni wa pakamwa pokha.

Ndiye usiku ndikagona ndimadzifunsa kuti kodi sukulu ndikuifunadi chifukwa cha mlamba wa ku Bua uja, kapena ndikuthawa kuyang'anizana ndi bambowa? Fomu yofunsira malo ndinaitumiza ndisanaone mafomu awo, zimenezo n'zoona. Koma n'zoonanso kuti kalata ya kuyunivesite itafika, choyamba kubwera m'mutu mwanga sichinali labu kapena maikulosikopu. Chinali chakuti ndikadzabwerako adzakhala atatsala chaka chimodzi, ndipo nkhaniyi idzakhala ya wina. Ndinachita manyazi ndi mpumulo umene ndinaumva.

Pali mbali inanso imene imandikoka. Woyang'anira ndi amene amalemba bajeti ya ofesi ndi kukaimenyera kumisonkhano. Ndikakhala pampandopo mwina ndingalimbane kuti mafuta azibwera, kapena kuchepetsa masiku oyendera madoko kuti ochepawo akhale oona. Ndingathenso kuyambitsa kuti aliyense wopita padoko azilemba ngati waona nsomba ya zilonda ndi kuijambula pafoni, chinthu chosafuna ndalama. Mwina bwana wokonda za umoyo wa nsomba angathandize kuposa katswiri wopanda mpando. Koma ndimaonanso abwana anga mmene tsiku lawo limathera: misonkhano, ma alawansi a anthu, makiyi a galimoto, madandaulo a tchuthi. Sindikukumbuka tsiku limene ndinawaona atagwira nsomba yosaphika. Ine ndikapanda kumva fungo la padoko sabata imodzi ndimadwala.

Ndithandizeni, Azakhali. Kodi mayi wa ana aang'ono akasiya mpando ndi ndalama zooneka n'kupita kunja zaka ziwiri chifukwa cha ntchito imene amaikonda, ndi kudzikonda? Nanga ndikatsala, munthu amadzudzula bwanji bambo amene anamulera pantchito, popanda kuwavula ulemu komanso popanda kupitiriza kusaina zabodza? Ndikawauze abwana anga za malipoti awiri ndinasaina aja ndisanayankhe makalatawa, kapena ndikhala ndikudzikumbira dzenje ndekha n'kugweramo ndi bambowa? Ndipo ngati ndasankha kupita, ndinyamuke chete, kapena ndikonze kaye nkhaniyi kuti wolowa m'malo mwanga asadzaipeze ili pansi pa mphasa?

Akuyunivesite akufuna yankho pakutha pa mwezi uno. Lipoti la mwezi watha lili mudilowa yanga, sindinasaine, ndipo dzulo bambo aja anasuzumira pakhomo n'kufunsa kuti, “Mwananga, lija lapita?”

Ine mwana wanu wothedwa nzeru,
Mayi wa kunyanja