Mphunzitsi wogwira woyimbira pakhosi alangidwe

Akonzi,

Ndalemba kalatayi mtima ukundiwawa chifukwa cha zomwe ndinaona Loweruka lapitali pa bwalo la sukulu ina ya sekondale kwathu kuno. Mwana wanga wa Fomu 3 amatchinga kumbuyo m'timu ya eni bwalo, ndiye wina asanene kuti ndikulankhula zokondera alendo.

Mpira utatsala pang'ono kutha, woyimbira anapereka penate kwa alendowo. Kochi wathu, yemwenso ndi mphunzitsi pa sukulupo, anathamangira m'bwalo n'kumugwira woyimbira pakhosi, uku akutukwana mawu oti sindingawalembe m'nyuzipepala. Atamuonetsa khadi lofiira, anakanitsitsa kutuluka, n'kuponda mpira kuti penateyo isamenyedwe. Ana ataona aphunzitsi awo akutero, nawonso anakhamukira m'bwalo, ena atatola miyala. Woyimbirayo, mnyamata wamng'ono ndithu, anathawira kuseri kwa makalasi nsapato imodzi itamuvuka. Ahedi anali pomwepo, atakhala pa mpando pansi pa mtengo wa mango, ndipo sanadzuke n'komwe.

Kodi mphunzitsi ameneyu mwana akamuchitira mwano m'kalasi, adzamulanga ndi nkhope yanji? Mwana wanga anafika kunyumba akunyadira kuti "refa tamuonetsa". Mawu amenewa andisowetsa tulo kuposa penateyo.

Malamulo sabisa. Lamulo 5 la mpira wa miyendo limapereka mphamvu zonse za masewero kwa woyimbira, ndipo chigamulo chake ndi chomaliza, ngakhale atalakwitsa. Kuyambira mu 2019, bungwe lokhazikitsa malamulo a mpira pa dziko lonse la IFAB linalola kuti makochi azionetsedwa khadi lachikasu kapena lofiira, ndipo wolakwa pa benchi akapanda kudziwika, khadilo limagwera kochi wamkulu. Anthu akunja akalowerera, woyimbira ali ndi ufulu woimitsa kapena kuthetseratu masewero. Munthu wosadziwa zimenezi anamupatsa bwanji timu ya ana athu?

Timadandaula tikamva kuti ochemerera aponya mabotolo pa masewero a Super League, koma khalidweli likuphukira pa mabwalo a sukulu omwewa. Mabwalo ake opanda mpanda, opanda ngakhale chingwe, mizere yothira phulusa, anthu ataima mpaka pa mzere penipeni. Wogwira mbendera amangotoledwa pagulu. Woyimbira amabwera yekha pa kabaza, ndipo akathamangitsidwa palibe womuperekeza. Mawa tidzamupeza kuti wachinyamata wofuna kugwira wezulo?

A bungwe la masewero a m'sukulu la MASSA, a bungwe loyendetsa mpira m'dziko muno la FAM ndi a Unduna wa Maphunziro, chonde musangoyang'ana. Mphunzitsi ameneyu achotsedwe pa timu chaka chonse, sukuluyo ilandidwe mapointi, ndipo ahedi alembe lipoti lofotokoza chomwe anakhalira chete. Masewero asamayambe bwalo lisanazunguliridwe ndi chingwe komanso popanda apolisi a m'mudzi, ngakhale awiri okha.

Kholo lokhumudwa,
Dedza