Zikomo kwa a m'chipinda cha uphungu ku chipatala cha m'komboni mwathu

Kwa Sisitala Wamkulu
ndi onse ogwira ntchito m'chipinda cha uphungu,
Lusaka.

Amayi Sisitala,

Ndine mayi uja wogulitsa nshawa ku Soweto Market, amene ndinkafika kwa inu Lachitatu lililonse mapazi ali mbuu ndi fumbi. Sabata yatha ndabwerako ku Katete, ndipo ndinapita pa basi, kubweranso pa basi, ndi matumba 6 a nshawa. Wina akamva zimenezi saona chodabwitsa, koma inu mukudziwa kumene munanditola. N'chifukwa chake ndati ndilembe, mawu a pakamwa amauluka ndi mphepo.

Papita zaka zitatu chichitikire ngozi ija. Unali mwezi wa June, tikuchokera kogula nshawa ndi mnzanga amene tinali m'chilimba chimodzi, tebulo lake litagundana ndi langa pamsika. Basi itaima pa mlatho wa Luangwa, anthu akugula nsomba zouma, iye anandipempha kuti tisinthane mipando akhale pawindo, poti ankamva mseru. Ndinavomera. Tili m'mapiri a Manenekela basi inagubuduzika. Ine ndinathyoka mkono ndi nthiti ziwiri. Mnzanga sanadzuke. Anamuika kumanda a Chingwere ine ndili chigonere m'chipatala.

Mafupa analumikizana, ndipo aliyense wobwera kudzandizonda ankati Mulungu ndi wamkulu, mwapulumuka. Zinali zoona. Koma usiku basi ija inkagubuduzikanso, mpaka ndinkadzuka thukuta lili kamukamu. Fungo la dizilo linkandidula mawondo. Ang'wang'wazi akamakuwa pasiteshoni, mtima unkagunda ngati utuluka. Ndinaleka kukwera minibasi, n'kumayenda pansi maola awiri kupita ku Soweto, awirinso pobwerera. Chivindikiro cha poto chikagwa, ndinkakalipira ana anga ngati apalamula mlandu waukulu, pambuyo pake n'kukalira kuseri kwa nyumba. Achibale ena ankati mzimu wa mnzanga ukunditsata. Ena ankati chikhulupiriro changa chazirala. Ndinasala kudya, ndinagona kumapemphero. Za chipatala palibe anatchula, chifukwa muno mu Lusaka mukangonena za matenda a maganizo, anthu amamva Chainama. Chipatala chimenecho chakhala chikuchiza anthu kuyambira 1962, koma ife dzina lake tinalisandutsa chotukwanira, mpaka ana amanyozana nalo posewera.

Kwa inu ndinabwerera BP ndi mutu wosaleka. Namwino amene anandiyeza atachotsa lamba pamkono sanaitane wotsatira. Anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Amayi, usiku mumagona bwanji?" Chaka chathunthu chinali chitatha popanda wondifunsa zimenezo. Ndinalira pamaso pa mwana wa msinkhu wa mwana wanga woyamba. Mumuthokoze kwambiri, chifukwa mzera unali wautali tsiku lija ndipo akanatha kungondilembera mapiritsi.

Adokotala anu anandiuza kuti vuto langa lili ndi dzina, PTSD, matenda a maganizo obwera munthu ataona zoopsa, ndipo sindinapenge. Anandifotokozera ndi nkhuku. Nkhuku imene inapulumuka m'zikhadabo za kabawi imathawa ngakhale mthunzi wa tsamba, chifukwa thupi lake silinamve kuti kabawi anapita. Anati masabata oyamba munthu ataona zoopsa, mantha otere ndi achibadwa ndipo kwa ambiri amatha okha, koma akapitirira mwezi n'kumalepheretsa munthu kugona ndi kugwira ntchito, amafunika chithandizo. Nditaulula kuti ndinkagula mapiritsi ogonetsa, sanandikalipire. Anandiuza kuti kuyambira 2013 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu amene wangoona zoopsa asagonetsedwe ndi mankhwala a mtundu wa diazepam, ndipo anandithandiza kuwasiya pang'onopang'ono. Anandipatsa ena omwa tsiku ndi tsiku, n'kundichenjeza kuti amatenga masabata angapo asanayambe kumveka m'thupi. Akanapanda kunena, ndikanawataya sabata yoyamba.

Ndi aphungu tinakumana ka 12. Masiku oyamba za ngozi sitinazikhudze n'komwe. Anandiphunzitsa kupuma: kukoka mpweya ndikuwerenga mpaka 4, kuutulutsa mpaka 6, dzanja lili pamimba. Mantha akandigwira, nditchule zinthu zisanu zimene ndikuona pamene ndaimapo, kuti mutu ubwerere ku Lusaka, uchoke ku Manenekela. Poyamba ndinkaona ngati masewera a ana. Koma nditaziyesa pamsika lole ina italiza mabuleki, ndinapeza kuti ndidakali chiimire, mbale yopimira ili m'manja.

Titayamba kulongosola ngozi, apo ndiye panali ntchito. Ndinainena kuyambira pa mlatho mpaka m'chipatala, kubwereza sabata ndi sabata, ndipo nthawi iliyonse ndinkalumpha malo amodzi. Aphungu anazindikira, koma anadikira. Tsiku lachisanu ndi chimodzi ndinanena chimene ngakhale amuna anga sankachidziwa, kuti mpando umene anaferapo mnzanga unali wanga. Ndinkakhulupirira kuti imfa inali yanga, ine ndinampatsira. Aphungu sanathamangire kunditonthoza kuti musatero amayi, monga akanachitira wina aliyense. Anandifunsa mafunso. Kodi pa mlatho paja munkadziwa chimene chili kutsogolo? Anapempha ndani? Mwana wanu akadwala mseru m'basi, mnzake n'kumpatsa windo, mungati mnzakeyo ndi wakupha? Ndinakhala chete nthawi yaitali. Sindinena kuti mlandu umene ndinkadziimba unatha tsiku lomwelo, koma unayamba kusweka, ndipo ndinali ine mwini wouswa ndi mayankho anga.

Za basi tinazikwera ngati makwerero. Sabata yoyamba kungoima pasiteshoni mpaka mtima utsike wokha. Kenako kukhala m'minibasi yoima imene ikudikira kudzaza, n'kutsika isananyamuke. Kondakitala wina ankandiyang'ana modabwa, koma nditamufotokozera anayamba kundisungira mpando wa kukhomo. Kenako siteji imodzi, kenako mpaka m'tauni. Pang'onopang'ono ndi mtolo, akulu sananame.

Koma chimene chandilembetsa kalata makamaka ndi ichi: simunandiuze kuti ndisankhe pakati pa chipatala ndi Mulungu wanga, kapena pakati pa mankhwala ndi mwambo wa kwathu. Ndinkaopa kuti mukamva za mizimu mundiseka, monga ndinkaopera kuti a kutchalitchi akamva za mapiritsi adzati ndataya chikhulupiriro. Aphungu anandifunsa chimene chimandikhazika mtima pansi, ndipo nditatchula nyimbo ya kutchalitchi imene malemu amayi anga ankaikonda, anati ndiziiimba chamumtima pokwera basi, pamodzi ndi kupuma kuja. Anafunsa za chakudya, za tulo, za tiyi amene ndinkamwa usiku. Anandilowetsa m'gulu la amayi anzanga, ena omenyedwa m'banja, ena oferedwa ana pa kolera ija inadzaza Heroes Stadium kumayambiriro kwa 2024. Tinkayamba ndi kuwongola thupi ndi kuimba, n'kumaliza ndi kuthirira kadimba ka repu ndi chibwabwa kuseri kwa chipinda chanu. Pali mawu amene sanatuluke titakhala pamipando moyang'anizana, koma anatuluka tili chiweramire pamzere wa repu.

Ndipo ndi aphungu omwewo amene anaona kuti maliro a mnzanga sindinalire. Kwathu kum'mawa munthu amene sanaponye dothi pamanda a mnzake amakhala ndi ngongole. Anandifunsa amene angandiperekeze. Tinapita ku Chingwere ndi amayi atatu a Chigwirizano pamodzi ndi mchemwali wake wa malemu. Tinalambula pamanda, tinaimba, ndipo ndinamuuza mchemwali wakeyo za mpando. Anandigwira dzanja n'kunena kuti mng'ono wake ankachita mseru m'galimoto kuyambira ali mwana, ndipo windo ankalilimbirana ndi aliyense. Usiku umenewo ndinagona mpaka tambala.

Ndithokozenso ulemu wanu. Musanalankhule ndi amuna anga munayamba mwandipempha, ndipo za mpando munasiyira ine kuti ndidzanene ndekha. Mwana wanga wandiuza kuti lamulo la 2019 lokhudza thanzi la maganizo linalowa m'malo mwa lamulo la atsamunda la 1949, limene linkatchula odwala ndi mayina onyoza. Lamulolo sindinaliwerenge, koma m'chipinda mwanu ndinaitanidwa amayi kuyambira tsiku loyamba mpaka lomaliza.

Sindinachire ngati kuti palibe chinachitika. Pa Manenekela sabata yatha manja anazizira ndipo misozi inatsika. Ndinapuma, ndinaimba chamumtima, ndinawerenga mitengo, mpaka tinafika ku Rufunsa.

Pempho langa ndi limodzi. Tsiku limodzi pa sabata likuchepa, ndipo abambo sabwera. M'gulu lathu munalibe mwamuna ngakhale mmodzi, chonsecho madalaivala ndi makondakitala ndi amene amaona ngozi zambiri, ndipo mantha awo amakathira mowa. Ngati n'kotheka, akuluakulu anu aganizireko tsiku lina, kapena nthawi ya madzulo anthu ataweruka. Ine kumbali yanga nambala ya aphungu a pafoni a Lifeline, 933, imene munandipatsa kuti ndiziimba kwaulere usiku ukakula, ndailemba pa katoni patebulo langa ku Soweto, ndipo anthu awiri aijambula kale pa foni.

Lachitatu likudzali ndibwera ndi mwana wa aneba anga, amene anasiya kuyendetsa minibasi chigundire munthu chaka chatha. Wavomera, koma wati ndikhale naye pabenchi mpaka aitanidwe. Ndidzatenganso kathumba ka nshawa za ku Katete, zina mukazinge, zina tidzale m'kadimba kaja mvula ikagwa.

Ine wanu wothokoza,
Mayi wa nshawa wa Lachitatu