Timakoswe tikudya ana a albatross pa chilumba cha Marion

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule za mbalame imene ambiri kuno sitinaionepo, wandering albatross, yomwe imakhala pa nyanja zozizira zakummwera kuzungulira Antarctica. Ndine mphunzitsi kuno ku Mzuzu, ndipo nditauza ana kuti mapiko ake akatambasuka amafika mamita 3.5, anandiyang'ana ngati ndikuwanamiza. Ndinajambula mzere ndi choko pansi m'kalasimo, anyamata awiri n'kugwirana manja atatambasula mikono, koma sanafike kumapeto kwake.

Mbalameyi imachedwa kuswana. Imayamba ili ndi zaka pafupifupi 10, imaikira dzira limodzi lokha pa zaka ziwiri zilizonse, ndipo yaimuna ndi yaikazi zimasinthana kufungatira dziralo kwa masabata 11. N'chifukwa chake imfa ya mwana mmodzi ndi chipsinjo chachikulu pa mtundu wonse, makamaka poti zazikuluzo zikuthanso ndi mbedza za sitima zopha nsomba zikamatola nyambo.

Chomwe chandilembetsa ndi nkhani ya chilumba cha Marion cha dziko la South Africa, chimodzi mwa zilumba zomwe mbalamezi zimaswerako. Sitima za alenje a nyama zam'nyanja zinafikitsako timakoswe ta m'nyumba m'zaka za m'ma 1800. Mu 1949 anthu anabweretsa amphaka asanu kuti azitigwira, koma amphakawo anachulukana mpaka kupitirira 3,000 n'kuyamba kudya mbalame, ndipo anathetsedwa mu 1991. Timakosweto tinatsala popanda mdani, ndipo pamene chilumbachi chikufunda ndi kuuma, taswana kwambiri mpaka tizilombo timene tinkadya tachepa. Tsopano usiku timakwera pachisa n'kumaluma mwana wa albatross pamutu ali moyo, iyeyo osathawa chifukwa mtundu wake sunadziwepo mdani wotere.

Boma la South Africa ndi bungwe loteteza mbalame la BirdLife South Africa akukonza zomwaza nyambo yapoizoni pachilumba chonse ndi mahelikopita, pa ntchito yotchedwa Mouse-Free Marion, kutanthauza Marion wopanda timakoswe. Ena adzati ndalama zake n'zochuluka, koma ine ndikuti zigwire ntchito, popeza ndi anthu amene anapititsako timakosweto, ndiponso njira yomweyi inatheka ku chilumba china cha nyanja zakummwera, South Georgia, komwe mu 2018 analengeza kuti makoswe atha.

Chonde, Akonzi, muzitiuza m'Chichewa mmene ntchitoyi ikuyendera, chifukwa ana anga aja amandifunsabe ngati mahelikopita anyamuka.

Mphunzitsi wokhudzidwa,
Katoto, Mzuzu