Nabanda, nthochi zakudazo usamataye

Wokondedwa Nabanda,

Ndikhulupirira kuti uli bwino pamodzi ndi bambo a kunyumba ndi ana kumeneko ku Leeds. Ife kuno ku Chilomoni tilipo, kungoti dzuwa la Okutobala latiwotcha ndithu, mvula tikungoiyembekezera.

Uthenga wako wa pa WhatsApp uja ndinaumvetsera, koma ndinaona kuti yankho lake likufunika kukhala pansi n'kulemba. Unati nthochi zikangoda makoko umazitaya chifukwa ana sazikhudza. Mnzanga, mtima unandipweteka. Ukukumbuka momwe nthochi za ku Molere ndi ku Thekerani zinkadzazira mumsika wa Limbe, mpaka ogulitsa kumachita kutiikira basela wa phava lonse? Matenda a chisaka anathetsa zimenezo. Anafalikira ndi tinsabwe toyamwa nthochi ndiponso ndi ana a nthochi amene anthu ankapatsana kuti akabzale, ndipo minda yambiri ya ku Thyolo, ku Mulanje ndi ku Nkhata Bay inatheratu, alangizi mpaka kuuza alimi kuti azule mapando onse. Anthu ayambanso kubzala mbewu yopanda matenda, komabe nthochi zambiri zimene tikugula m'tauni zimachokera ku Tanzania ndi ku Mozambique, ndipo mtengo wake si wamasewera. Choncho m'nyumba mwanga nthochi siipita kudzala. Ikapsa kwambiri ndimaphika mamafini, timakeke ting'onoting'ono, ndipo ndikufuna nawenso uyambe.

Nthochi ikamapsa, sitachi imene imailimbitsa ikakhala yaiwisi imasanduka shuga, ndipo fungo lake limakula. Ya mawangamawanga akuda, yofewa yoti ukaigwira chala n'kulowa, ndiyo imatsekemera kuposa yachikasu yokongola imene ana amailimbirana. Yotaya ndi ija yokha yamera nkhungu, kapena ikuchucha madzi n'kumanunkha mowa. Ngati tsikulo ulibe nthawi, zisende, uziike m'jumbo n'kuziponya mufiriza. Zimakhala miyezi iwiri kapena itatu bwinobwino. Ukadzazitulutsa zidzasungunuka n'kutuluka timadzi tabulauni, ndipo timadzito usakhetse, kukoma kuli mmenemo.

Zofunika zake ndi izi. Nthochi zikuluzikulu 3, monga zimene mumagula kumenekozo, kapena 5 ngati ndi tating'ono ngati sukali. Fulawa makapu 2, amene ndi pafupifupi magalamu 250. Shuga theka la kapu, ngakhale ine ndimachepetsako nthochi zikakhala zakuda kwambiri. Dzira limodzi, mafuta ophikira gawo limodzi mwa magawo atatu a kapu, soda kasupuni ka tiyi kamodzi kosadzaza mpaka kutumphuka, mchere wotsina ndi zala, masupuni aakulu atatu a chambiko, ndi mtedza theka la kapu. Muyeso umenewu umatulutsa mamafini 12.

Chambiko sindithirira kukoma kokha. Soda amafuna chinthu chowawasa kuti atulutse mpweya umene umatupitsa mtanda. Nthochi ili nako kuwawasa pang'ono, koma chambiko chimathandizira kuti soda yense agwire ntchito. Kumeneko yogati yosathira shuga ichita chimodzimodzi. Ndipo soda usamuonjezere poganiza kuti atupitsa kwambiri. Ukudziwa chigumu chochuluka soda momwe chimamvekera sopo m'kamwa, mkati mwake muli bii. Ngati fulawa wako ndi uja wothira kale zotupitsa, soda uthire theka la kasupuni basi.

Kanya nthochi ndi foloko m'mbale yaikulu, uthiremo dzira, mafuta, shuga ndi chambiko, usakanize mpaka zigwirizane. M'mbale ina sakaniza fulawa, soda ndi mchere. Kenaka khuthulira zoumazo m'zamadzizo.

Apa ndi pamene ndikufuna undimvetsetse, chifukwa mamafini ambiri amaonongekera pomwepa. Mkono wathu unazolowera kuthyakula nsima mpaka mibulu yonse ithe, ndiye ukaona mtanda uli ndi timibulu umafuna kuumenya. Usatero. Fulawa wa tirigu akanyowa n'kumatakasidwa kwambiri amayamba kunanda ndi kutamuka, zomwe ndi zabwino pa buledi ndi pa mandasi, koma mafini amatuluka wolimba, wa mabowo aataliatali mkati, pamwamba pali nsonga. Tenga supuni yaikulu, uzitembenuza mtandawo kuchokera pansi, pang'onopang'ono, ndipo fulawa wouma akangosiya kuoneka, leka pomwepo. Timibulu totsalato timatha tokha pamoto. Makina osakanizira aja uwasiye m'kabati. Ndipo ukasakaniza usapite kukachapa kapena kuyankha foni, soda wayamba kale ntchito, mtanda ulowe mu uvuni nthawi yomweyo. N'chifukwa chake uvuni umayatsiratu usanayambe kukanya nthochi.

Tsopano za mtedza. Unadandaula kuti ma walnut amene amalembedwa m'maphikidwe a ku America ndi odula. Kwawoko ndiwo anawazolowera, koma ine ndikukuuza kuti mtedza wathu umagwirizana ndi nthochi koposa. Ndimatenga chalimbana kapena CG7, ndimakazinga pamoto wochepa mpaka fungo limveke, ndimapukusa makoko m'manja n'kupeta, kenaka n'kusinja pang'ono chabe mumtondo. Usafike pa nsinjiro, pakhale tizidutswa toti dzino lizitipeza. Wosakazinga umafewa mumtanda ndipo sumveka n'komwe. Wambiri umalowa mumtanda komalizira, wotsala umawaza pamwamba kuti upserere bwino. Posankha ndimataya njere zonse zofota, zobooka ndi zachuku, chifukwa poizoni wa chuku amaononga chiwindi ndipo kukazinga sikumuthetsa. Wa m'masitolo a kumeneko ndi wosankha kale, ungoyang'ana wosathira mchere. Tsiku la chisangalalo ndimaikamo makadamiya a ku Thyolo, ngakhale ambiri amapita kunja ndipo otsala kuno mtengo wake ndi wokwera.

Chinthu chimodzi usaiwale: sukulu zambiri za ku Britain sizilola chakudya cha mtedza m'kabokosi ka mwana, chifukwa pali ana amene mtedza umawadwalitsa koopsa. Ufunse kaye kusukulu ya anawo. Ngati saloleza, gawa mtanda pawiri, wina usaikemo mtedza, ndipo uphike padera.

Paka mafuta m'zibowo za thireyi kapena uikemo timapepala take, uthire mtanda osadzaza, pasiyike kampata pamwamba. Uvuni ukhale pa madigiri 180, kapena 160 ngati uli ndi fani, ndipo wa gasi pa nambala 4. Zimatenga mphindi 20 mpaka 25. M'mphindi 15 zoyamba chitseko usatsegule, ngakhale fungo likukoke bwanji, chifukwa mphepo ikalowa amafwapa pakati. Kuti udziwe kuti apsa, baya limodzi pakati ndi kamtengo kotokosera m'mano, kakatuluka kopanda mtanda waiwisi ndiye kuti zatheka. Adikire mphindi zisanu m'thireyimo kenaka uwatulutse, akakhalitsamo amachita thukuta pansi.

Kuno magetsi akathima sindisiya. Ndimayala mchenga wouma pansi pa poto wamkulu, n'kumutenthetsa pambaula, n'kuikamo makapu achitsulo opaka mafuta. Pa chivundikiro ndimaika makala ambiri kuposa a pansi, apo ayi amapserera kunsi pamwamba pali poyera. Amachedwerako pang'ono koma amapsa bwinobwino, ndipo ana a kuno amati a pambaula ndiwo okoma. Ndikamaphika choncho ndimaona kuti mafini si mlendo kwenikweni kwa ife. Amayi athu ankakanya nthochi zomwezi ndi mgaiwa ndi soda n'kuphika chigumu kapena kukazinga zitumbuwa. Nthawi zina ndimachotsa theka la kapu ya fulawa n'kuikapo mgaiwa wosefa, ndipo amatuluka okhutitsa, a kafungo ka kumudzi. Ngati ufa wa chimanga ukuupeza m'masitolo a anthu a ku Africa kumeneko, udzayese ulendo wachiwiri, ukayamba wazolowera oyambawa.

Ndi kutentha kwa kuno sadutsa masiku awiri asanayambe kuchita nkhungu, koma kwanu kozizirako atha masiku atatu kapena anayi m'chidebe chotseka. Otsala uwaike mufiriza, m'mawa n'kungotenthetsa limodzi pomwera tiyi usanathamangire ku ntchito.

Ukaphika unditumizire chithunzi, limodzi ulinyeme pakati kuti ndione mkati mwake. Undiuzenso ngati wamng'ono uja wasiya kutsokomola. Amayi akupereka moni, akufunsa ngati mubwera pa Khirisimasi. Upereke moni kwa bambo a kunyumba ndi ana onse.

Ndine mnzako,
Naphiri